Imfa ya Mthetsankhokwe

Amalume anga a Lucious ndimawakonda, koma ukakhala nawo nyumba imodzi makutu amachita kuwawa. Chibwerereni kuno ku South Bend, ku America, nkhani yawo ndi imodzi basi, ya kanema. Ali mnyamata ankasewera m'mafilimu aja ankafika m'midzi pa galimoto ya alangizi, chinsalu n'kukoleka pamtengo, mudzi wonse n'kukhala pansi. M'mafilimu onsewo iwo ankakhala Mthetsankhokwe, chidakwa chogulitsa chimanga cha banja n'kukamwera kachasu, pobwerako n'kumenya mkazi. Alangizi ankafuna anthu aone khalidwe loipa kuti alipewe, ndipo amalume ankawaonetsadi mosanyengerera.

Vuto n'lakuti kuno palibe amene amazidziwa zimenezo. Anzawo a kuntchito, kumene amachapa nsalu za m'chipatala, amangogwedeza mutu n'kupitiriza kupinda mabulangete. Ana anga akangomva kuti "nthawi imene tinkajambula ku Dedza" amathawira kuchipinda. Wotsala ndine, Belinda, mwana wa mlongo wawo, ndipo ndatopa nazo mpaka m'mafupa.

Ndiye mlongo wanga Eugene anapeza mbeta ku Indianapolis, mtsikana waulemu dzina lake Shalom. Mwambo ndi mwambo ngakhale uli kutsidya kwa nyanja: wokalankhula kuchikazi ndi malume, ndipo mu America monse muno malume amene tili naye ndi yemweyu. Shalom analeredwa ndi azakhali ake a Chrissie, nesi wopuma pa ntchito wa ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis komweko, ndipo anali ataneneratu kuti azakhaliwo akakana, ukwati palibe. Eugene ankachita kuonda nazo.

Loweruka lake tinanyamuka atatu, ine ndikuyendetsa.

"Amalume, chonde, lero za kanema ayi," ndinawachonderera. "Mukangolankhula za ukwati, basi."

"Iwe umandiona ngati mwana? Ine ndinalankhulapo bwalo lonse la ku Salima lili chete!"

"Zimenezo n'zimene ndikukana."

Eugene, amene anabwera kuno ali wamng'ono, Chichewa amamva koma lilime limamulemera. Anangoti kumbuyoko, "Amalume, musandimese apu, pliz," kutanthauza kuti asamuonongere zinthu.

A Chrissie anatilandira bwino, tiyi ndi mandasi zili patebulo, alongo awo awiri atakhala pambali ngati mboni. Titapatsana moni, amalume anakonza kukhosi n'kuyamba. Kunena zoona anayamba bwino. Anati tambala wathu waona msoti pakhomo pano, ndipo chiuonereni sakudyanso. Anthu anaseka, amalume nawonso anaseka, kuseka kwawo kuja koyambira m'mimba n'kukathera m'mphuno.

A Chrissie anaika kapu pansi.

"Tasekaninso, bambo."

"Mwati bwanji, mayi?"

"Kuseka kumeneko ndikukudziwa. Inu ndinu Mthetsankhokwe!"

Mukanaona nkhope ya amalume. Inawala ngati mwana amene wagulidwira nsapato. Zaka zonsezi munthu akufunafuna woti amuzindikire, ndiye womuzindikirayo apezeke lero, pabalaza pano? Ndinawaona akuwongola tayi, ndipo ndinadziwa kuti tapsa.

Koma a Chrissie sankaseka. Anati iwo anakulira ku Mchinji, ndipo filimu ija anaionera ali kamtsikana, atakhala pafupi ndi amayi awo. Pamene Mthetsankhokwe anakankha mphika n'kukoka mkazi wake pabwalo, amayi awo anadzuka n'kuchoka filimu isanathe, chifukwa zimenezo n'zimene zinkachitika kunyumba kwawo. Iwo anatola mwala n'kugenda chinsalu.

"Shalom ndamulera ndekha," anatero. "Kumtundu umenewu sapitako."

Ndinalephera kupirira. "Azakhali, zija zinali za kanema chabe. Munthu amangochita zimene wauzidwa."

"Usandiphunzitse, mwana iwe, ndapita kusukulu ine. Ndikudziwa kuti ndi kanema. Koma mwamuna sakoka mkazi mwaluso chotero asanapulakatise kunyumba."

Ndiye muwayankhe chiyani anthu oterowo? Amalume moyo wawo wonse ngakhale nkhuku amaopa kuzinga, mowa ndiye sanaulawepo, koma ndikanati ndinene zimenezo akanati ndikuikira kumbuyo m'bale wanga. Shalom anali ataima pakhomo la khitchini misozi ili chuchuchu. Eugene ankangondiyang'ana kuti ndimumasulire, poti Chichewa chake chinali chitamusiya panjira. Ndinakwiyira onse: azakhali ndi mwala wawo, amalume ndi kuseka kwawo, ndi alangizi amene anayambitsa zonsezi.

Amalume anaweramitsa mutu. Kenako ndinaona mapewa awo akugwa, msana n'kupindika, manja n'kuwaika pamaondo. Atatsegula pakamwa, mawu anatuluka aang'ono, a munthu amene sindinamumvepo.

"Mayi, si inu oyamba. Nkhope imeneyi yandizunza moyo wanga wonse. Ine ndinali kalaliki wa m'sitolo ku Balaka, kamera sindinaimepo patsogolo pake. Munthu mukunenayo ndinangokumana naye kamodzi pa depoti. Anafa kalekale."

Ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi ndasi.

A Chrissie anawayang'anitsitsa. "Anafa ndi chiyani?"

"Mowa, mayi."

"Ndinadziwa!" Anaomba m'manja, n'kutembenukira kwa alongo awo. "Sindinkanena ine? Ndinadziwa kuti sadzafika patali." Anavala magalasi n'kuwasuzumiranso amalume. "Pepani bambo, ndakuchimwirani. Ndikamakuonetsetsa, uja anali wamtali. Ndiponso, musakhumudwe, anali wooneka bwinoko."

"Onse amatero, mayi," anayankha amalume, maso ali pansi.

Kuchokera pamenepo nkhani inayenda ngati madzi. Amalume analankhula mofatsa, mawu ochepa, osasekanso ngakhale kamodzi. A Chrissie anavomera, nthungululu inalira, Shalom anapukuta misozi, ndipo Eugene anafunsa katatu ngati zathekadi. Potsanzikana a Chrissie anawagwira amalume dzanja n'kunena kuti amuna odzichepetsa ngati iwo akusowa masiku ano.

Pobwerera Eugene anagona tulo ta munthu wopulumuka. Ine mtima unali ukadali m'mwamba. Chinandinyansa n'chakuti munthu wamkulu wanama pamaso pa anthu, koma chinandinyansa kwambiri n'chakuti bodzalo lagwira ntchito pamene zoona zanga zinakanidwa. Tinadutsa Kokomo amalume asanalankhule kanthu, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire kuwakweza m'galimoto yanga.

"Belinda," anatero pomaliza, "zithunzi zanga zija zili pabalaza ukazichotse. Achibale atsopanowa azibwera kunyumba. Ana akonso uwauze asamatchule."

"Aaa, amalume, mpaka pamenepo? Ukwati ukangodutsa tidzawauza zoona."

"Ayi. Ine ndinali wongoyerekeza, koma bambo ake a mayi uja anali enieni. Lero wamva kuti munthu uja anafa, ndipo waona mmene mtima wake wakhalira pansi. Ndimudzutsirenso?"

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya kuti akundimvetsa chisoni ine amene ndinali ndi zifukwa zonse zowakalipira. Anayang'ana panja kanthawi, minda ya chimanga ikudutsa, kenako anatembenuka n'kutsitsa mawu kuti Eugene asadzuke.

"Koma wamva iwe? Kamtsikana ka ku Mchinji kanagenda chinsalu. Chifukwa cha ine."

"Ndamva, amalume."

"Basi, bola wamva iweyo. Poti sindidzauzanso wina."