Miyezi Itatu ya Malemu Jonas

Emelia anaponya foni ya malemu mwamuna wake patebulo la a Tariq, pakati pa mabatire ndi timawaya.

"Ndinu amene mukuimbira munthu wakufa? Ndabwera ndine mkazi wake. Nenani."

A Tariq amakonza mafoni m'kashopu kawo pa Katete, ndipo amalembanso mapulogalamu a kompyuta. Anavula magalasi, napepesa maliro. Emelia sanakhale pampando umene anamukokera. Mapepeso anali atamukwana. Miyezi iwiri yathunthu anthu ankangopepesa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamupalirako mzere umodzi wa chimanga.

Jonas anali mphunzitsi wa masamu ku Sinda. Loweruka lililonse ankathera pa laputopu, mpaka anapanga chida chothandiza olemba mapulogalamu kutumiza mameseji kumafoni ang'onoang'ono a m'midzi. Anachiika pa intaneti chaulere, aliyense atenge, aone m'kati mwake, amangirepo zake. Emelia ankamukalipira kuti nzeru zake wazisandutsa mango a m'mbali mwa njira.

"Amuna anu analemba lamulo pa chida chija," anatero a Tariq m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ukapeza bowo, usalengeze. Uuze a Jonas mwakachetechete pa nambala iyi, uyembekeze miyezi itatu kuti akonze. Ikasila, ulengeze, kuti onse osewenzesa azichinjirize. Ine n'napeza bowo. N'natuma meseji, sin'nadziwe kuti ali m'chipatala. Manje kwatsala masiku naini."

"Bowo lake lotani?"

"Munthu wodziwa angalowe, awerenge maina, manambala na mameseji onse. Ndipo lilipo bungwe lamene linamangira pa chida ichi. Lija likumbutsa anthu tsiku lotenga mankhwala otalikitsa moyo."

Apa Emelia anakhala pampando uja. Meseji imeneyo inkafika pafoni yake mwezi uliwonse. Ankaiwerenga n'kuifufuta pomwepo. Amene ankadziwa anali iye ndi Jonas basi. Amayi ake ku Vubwi sankadziwa, azimayi a kwaya sankadziwa, ngakhale ana ake.

"Ndiye tsekani pakamwa panupo," anatero. "Lamulo la munthu wakufa likukuwawani pati?"

"Nikakhala zii, bowo siitsekeka, amai. Ine n'naipeza nikumwa tiyi, wina azaipeza. A bungwe n'nawauza, akuti wamene anawamangira ali ku Lusaka, sayankha foni. Chigamba n'nasoka kale. Koma makompyuta ao alandira chabe chamene chasainidwa na kiyi ya a Jonas, ndipo kiyi ili mu laputopu yao. Lamulo ni labwino. Chamene analakwa, analembapo dzina limodzi."

"Ndi mmene analili. Ngakhale thumba la feteleza ankanyamula yekha, ati ena ataya." Emelia anatola foni ija. "Pasiwedi ndikuidziwa. Laputopu ndikaitenga."

Laputopuyo inali m'bokosi lachitsulo kwa a Reuben, akulu ake a Jonas, kumudzi wina chakufupi ndi Mkaika. Pambuyo pa maliro abale anasonkhanitsa katundu yense wa malemu, nsapato, jekete, njinga ndi mabuku, n'kutsekera mpaka tsiku lometa kachiwiri, akakolola.

M'mawa mwake anawapeza a Reuben akukhoma thayala la ngolo. Akazi awo, a Monica, ankasenda mtedza pakhonde.

"Alamu, ndikufuna laputopu ya Jonas. Ola limodzi lokha. Muinyamule nokha, tipite pa Katete, mubwere nayo nokha."

A Reuben sanasiye kukhoma. "Manda sanaphwe, mwayamba kale kuwerengera katundu?"

"Ndikanafuna katundu ndikanayambira njinga. Muli ntchito imene anasiya osamaliza, ndipo ikapanda kumalizidwa anthu ambiri avulala."

"Ntchito ya wakufa imatha tsiku loika. Bokosi lija tinamanga tonse pamodzi, tidzamasulanso tonse, tikameta. Ndikatsegula ndekha lero, mawa mwana akadwala pamudzi pano adzaloza ndani? Dekhani, mlamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ndine, ndipo ngolo ikubwera kudzandiponda. Kwatsala masiku asanu ndi atatu."

"Zinthu za pa intaneti zimenezo? Mng'ono wanga anawonda nazo. Ankagawira azungu nzeru zaulere, kwawo kuno denga likudontha."

Emelia anafotokoza za bowo, za kiyi, za lamulo la miyezi itatu. Anafotokoza kawiri. A Reuben anangoseka.

"Ndiye maina a anthu odwala akaoneka, ife zikutikhudza bwanji? Amene anadya zake alipire yekha."

Emelia anayang'ana a Monica. Manja awo anali atasiya kusenda. Emelia anadziwa kuti mawu akatuluka sabwerera. Koma anaganiza kuti munthu akamva kuti moto uli padenga la m'bale wake, amathamangira ndowa.

"Dzina langa lili momwemo, alamu. La mng'ono wanu lilinso momwemo. Takhala tikumwa mankhwala zaka zisanu ndi chimodzi."

A Reuben anaika hamala pansi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati mbuzi imene agula ili yodwala.

"Kani ndi choncho. Ife tinkati ndi shuga." Anapukuta manja pabuluku. "Mng'ono wanga anachoka pano ali bwinobwino. Ndiye mwabwera kudzafufuta umboni?"

"Ndabwera kudzatseka bowo."

"Bokosi silitsegulidwa. Ndipo tsiku lometa nkhani iyi tidzaikamba pamaso pa onse."

Analowa m'nyumba. Emelia anamva akukoka bokosi lija, kulikankhira kuchipinda chamkati.

Sanatsanzike. Asanadutse n'komwe munda wa mpendadzuwa, anacheuka n'kuona lichero la mtedza lili lokha pakhonde. A Monica anali kale pampanda wa nyumba yoyandikana, atagwira pakamwa.

Pamsewu anaimbira a Tariq.

"Akana. Tsiku likakwana lengezani, mwina a bungwe achita manyazi n'kuzimitsa makina awo. Anzanga omwa mankhwala apulumuke."

"Nanga imwe, amai?"

"Dzina langa latuluka kale, ndatulutsa ndekha. Koma mukamalemba lamulo lanu pa zimene mumapangazo, lembani anthu atatu, aliyense ndi kiyi yake. Asakhale a mudzi umodzi. Ndipo muwauze akazi awo."

Minibasi ya ku Sinda inaima, kondakitala akumenya chitseko. Emelia anapukusa mutu, inapita. Anawolokera tsidya lina la msewu, kumene zimaima zolowera ku Chipata. Kuchoka kumeneko akafunafuna galimoto ya ku Vubwi. Amayi ake anali ndi mtima wofooka, ndipo foni ya a Monica inali ndi mayunitsi. Anafuna kuti nkhaniyo akaimve pakamwa pa mwana wawo, ngati angafike nthawi isanathe.