Pambuyo pa Galu wa Ndevu

Mtsikana ameneyu ndinakhala naye benchi imodzi tsiku lina basi itatichedwetsa, mvula ikugwa ngati yalipidwa. Poti kopita kunalibe, anayamba kundifotokozera za chaka chimene anakagwira ntchito yongodzipereka kunja. Dzina sindinamufunse. Ndizimutchula Wansapato, monga momwe anzake a kumeneko ankamutchulira.

Anapita atangomaliza sukulu, bungwe lina litamusankha kuti akathandize anthu othawa kwawo. Gulu lawo linali la achinyamata ochokera m'mayiko osiyanasiyana, onse akulankhulana m'chilankhulo chobwereka chimene aliyense ankachipotoza mwa njira yake. Ankagwirira m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ya denga la malata, yozizira ngati m'firiji. Malole ankabweretsa matumba a zovala zimene anthu apereka, ndipo iye anamupatsa ngodya ya nsapato. Ntchito yake inali kukhuthula thumba, kufunira nsapato iliyonse inzake, kumanga zingwe pamodzi, n'kuika pa shelefu potengera saizi. Zosowa zinzake ankaziponya m'dengu lalikulu pafupi ndi khomo. Fungo la mapazi a anthu osawadziwa linkamutsatira mpaka kogona.

Zambiri anazizolowera. Anazolowera kudya ali chiimire, kuvala majuzi awiri, kudutsana ndi munthu pamasitepe osapatsana moni. Chimene chinamukanika ndi kutchula mkulu wa gulu ndi dzina lake, ngati mnzake wosewera naye. Anali mayi wa imvi, woyenda ndi makiyi pa chingwe m'khosi, ndiye iye ankangowatchula kuti Amakiyi.

Gululo linali ndi zinthu ziwiri zimene silinkaphonya. Choyamba chinali bokosi la chitsulo. Kale wina anajambula anthu akulandira zovala n'kufalitsa zithunzizo, zinthu zinavuta, ndiye kuyambira pamenepo mafoni onse ankalowa m'bokosi m'mawa. Amakiyi ankakhoma, n'kudzatsekula poweruka. Chachiwiri chinali bwalo la m'mawa. Asanayambe ntchito ankaima mozungulira n'kumapatsirana mpukutu wa tepi yomatira makatoni. Amene waugwira ankanena momwe mtima wake uliri tsiku limenelo, ena onse ali chete.

Anzakewo ankakhuthula zonse. Wina anakangana ndi chibwenzi, wina sanagone, wina makolo ake akusudzulana ndipo amayi ake ndi amene ali olakwa. Wansapato ankamvetsera maso ali pansi, akuchita manyazi m'malo mwawo. Mpukutu ukafika kwa iye ankati ali bwino, n'kuupereka msanga ngati ukuotcha.

Kwawo anasiya bambo ake ndi achimwene ake. Amayi anamwalira iye ali wamng'ono. Bamboyo anali wokonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, munthu wosatopa kulankhula, woti kasitomala akabwera ndi wailesi yosalira amachoka atamva nkhani zoposa za pa wailesiyo. Mwana wawoyu ankamutcha Amayi, ati nkhope ndi mayendedwe anatengera agogo ake. Kafoni kawo kanali ka mabatani, ndiye kuti aonane ankadikira Lamulungu, achimwene akabwera ndi foni yaikulu. Pamenepo bambo ankafunsa zonse: mabasi akumeneko, mtengo wa sopo, ngati azungu amakonzetsa mawailesi kapena amangotaya.

"Ndiye Amayi, munakwera ndege kukafunira nsapato zinzake?" anatero tsiku lina. "Bwenzi mutayambira pansi pa bedi langa, pali zamasiye zambiri."

Koma achimwene ankamuuza kuti pakhonde paja panalibe kasitomala amene sanamve zoti mwana wa wokonza mawailesi ali kunja.

Lamulungu lina foni sinabwere. Achimwene analemba kuti bambo anagwa ali pantchito, dzanja ndi mwendo wa kumanzere zafooka, koma akupezako, asade nkhawa. Masiku otsatira yankho linali lomwelo: akupezako, amwa phala, akuseka ndi manesi. Achimwenewo anali dalaivala, ndipo kuchipatala ankathamangirako masana pa nthawi yoona odwala. Nthawi imeneyo kwa Wansapato dzuwa linali litangokwera, foni ili m'bokosi. Iye akamaweruka, kwawo kunali kutada, wodi atatseka.

Kenako usiku wa Lachiwiri unabwera uthenga wina. Achimwene anati mawa akhale pafupi ndi foni, bambo akufuna kulankhula naye iyeyo, ndipo akana kudikira Lamulungu.

M'mawa mwake anavala, foni ili m'thumba la jekete, mawu atawakonza kale. Akanena pabwalo kuti bambo ake ali m'chipatala, n'kupempha kuti lero lokha foni ikhale naye. Ulendo wonse wa pa basi ankawabwereza m'chilankhulo chobwereka chija kuti asakapunthwe.

Pabwalo anaima pafupi ndi Ndevu, mnyamata wamtali wa ku ngodya ya mabulangete, wamtima wabwino, amene ankamunyamulira matumba olemera osapemphedwa. Mpukutu unafika kwa Ndevu poyamba. Anaugwira ndi manja awiri n'kunena kuti galu wake kwawo wameza chinthu ndipo lero amuchita opaleshoni. Anati galuyo anakula naye, amagona kumapazi kwake. Misozi inatsikira m'ndevu zija. Atsikana awiri anamugwira mapewa. Amakiyi anamuuza mofatsa kuti lero foni asaike m'bokosi, ikhale m'thumba, nkhani ikabwera atuluke akayankhe.

Apa ndi pamene njira inatsegukira. Inu ndi ine tikanati, basi, nenanso zako. Koma mpukutu utagwera m'manja mwa Wansapato, bwalo lonse linali lidakali ndi nkhope za galu. Anaona kuti akatsegula pakamwa, bambo ake alowa pamzere pambuyo pa galuyo. Awagwira mapewa chimodzimodzi, awapatsa chifundo chomwecho, mawa adzafunsa kuti galu ali bwanji, nanga bambo aja ali bwanji. Munthu wamkulu, wovala taye pokonza wailesi, amene anamulera yekha.

"Ndili bwino," anatero, n'kupereka mpukutu.

Anaganiza zowatsatira Amakiyi kuofesi kuti akanene paokha. Koma bokosi linali likuzungulira kale, aliyense akuponyamo, ndipo litafika pa iye dzanja linangochita zimene linazolowera. Anati palibe kanthu, nthawi ilipo, akapempha bwinobwino bwalo likabalalika. Asanafike pakhomo la ofesi, Amakiyi anatuluka akuvala jekete. Lole ya katundu inali itagwidwa pachipata china kutali, mapepala sakugwirizana, akufunika iwowo. Anamumwetulira, n'kumuuza kuti akambirana akabwera. Analowa m'galimoto, makiyi akulira pachifuwa.

Anabwerera ku nsapato. Ofesi inali chipinda cha matabwa chopanda denga, pafupi ndi ngodya yake, ndipo nthawi itakwana anamva foni ikunjenjemera m'bokosi muja, ikugunda chitsulo. Inasiya, n'kuyambanso. Analowa, nagwira loko. Kanali kaloko kakang'ono, kotchipa, koti sikuludiraiva ikanakathyola. Anaima pamenepo dzanja lili pa bokosi, likumva kunjenjemerako. Koma iye ndi amene anali yekha wochokera kwawo m'gulu lonselo, ndipo mawa zikanamveka kuti wathyola bokosi la mafoni a anthu ndi ndani. Nambala ya achimwene sanaisunge m'mutu, moti ngakhale foni ya Ndevu sikanamuthandiza. Anadziuza kuti alankhula nawo mawa. Foni itatopa, anabwerera kukafunira inzake nsapato ya mwana, yofiira, mpaka anaipeza.

Amakiyi anafika dzuwa litapendeka. Bokosi litatsekulidwa, Ndevu anali akuonetsa aliyense chithunzi cha galu atavala bandeji, lilime lili panja, ndipo anthu ankaomba m'manja. Wansapato anatuluka panja pa mulu wa mapaleti, matabwa oikapo katundu, n'kuimba.

Achimwene anayankha ali panja pa chipatala. Sanakalipe, ndipo iye akuti bola akanakalipa. Anamufotokozera kuti bambo anadzuka m'mawa n'kulamula kuti awamete ndevu, awaveke shati yoyera ija, awakhazike tsonga ndi mapilo, kuti Amayi asawaone ngati wodwala. Foni anaigwira okha ndi dzanja labwinolo. Itaitana osayankhidwa, anauza odwala anzawo a mabedi oyandikana kuti aone okha, mwana wawo kumene amagwira si kwa masewera, sikofanana ndi maofesi akuno kumene munthu amakusiya pakauntala n'kumacheza pafoni. Anaseketsa wodi yonse. Kenako anati ayesenso.

"Nanga amafuna kundiuza chiyani?"

"Ndinawafunsa, iwe. Ndinati nenani ndikamuuze. Anati ayi, zimenezo ndi za iwo ndi Amayi awo, akuuza okha mawa."

"Ndiye mawa ndikhala nayo foni, achimwene. Zivute zitani."

Kenako achimwene ananena kuti madzulo omwewo matenda aja anabweranso kachiwiri. Maso akuona, koma pakamwa papotoka.

Wansapato anawauza Amakiyi ali pomwepo pa mapaleti. Mayiyo anagwira pakamwa, n'kumufunsa kuti bwanji sananene m'mawa, popeza bwalo lija ndi la zimenezo. Anafunsa kawiri, misozi ili m'maso. Wansapato akanati chiyani, Ndevu ataima poteropo, atanyamula chikwama chake kuti amuperekeze ku basi?

Tsiku lotsatira foni inakhala m'thumba. Amakiyi anamuuza kuti apume, koma iye anakana, poopa kukhala yekha m'chipinda. Nthawi yoona odwala itakwana anakhala pa katoni kuseri kwa mashelefu. Nkhope ya achimwene inabwera, kenako denga la wodi, kenako bambo. Anali akadali mu shati yoyera ija, kolala itanyowa. Achimwene anawayandikizira foni.

"Mwadzuka bwanji, Bambo? Ndine."

Diso limodzi linamupeza. Kunamveka mpweya wokha, wolemera.

Iye sanazolowere kulankhula pafoni imeneyi, poti wolankhula nthawi zonse anali bamboyo. Anayamba ndi zimene iwo akanafunsa. Anawauza kuti kwayamba kufunda pang'ono, kuti sopo wakwera mtengo, kuti m'thumba lina anapezamo kawailesi kakang'ono kosalira ndipo wakasunga. Anawauza kuti dzulo sikunali kukana, foni inali yotsekeredwa, ndipo kulakwa kunali kwake. Pamenepo milomo ya bambo inayamba kugwedezeka. Chibwano chinalimbana, khosi linatukuka, dzanja labwino lija linakwera pang'ono pa bulangete.

"Achimwene, akuti chiyani? Yandikirani, mumve."

Chithunzi chinagwedezeka, n'kuonetsa pilo ndi khutu la achimwene. Anadikira.

"Palibe chikutuluka, iwe."

"Mvetserani bwino."

"Ndikumvetsera."

Kumbuyo kunamveka nesi akuuza anthu kuti nthawi yatha. Achimwene anapempha kamphindi, nesi n'kuti anapereka kale dzulo. Achimwene anamuuza mlongo wawoyo kuti atsanzike. Wansapato anati, "Ndiimbanso mawa, Bambo. Mundiuza mawa." Foni inaduka asanaone ngati amva.

Anaimba mawa lake, n'kuimbanso tsiku linalo. Bambo ankangogona. Lamulungu lisanafike anamwalira, ndipo pamene bungwe limamaliza zomupezera tikiti, kwawo anali ataika kale, ndiye sanapitenso.

Atabwerera chaka chitatha, anafunsa aliyense amene akanadziwa. Anafunsa achimwene mpaka anatopa naye. Anafunsa mwini sitolo ya pakhonde paja, anafunsa azakhali. Anakafunafuna ngakhale bambo wina amene anagona bedi loyandikana ndi la bambo ake m'wodi muja, n'kumupeza kwawo akuyenda ndi ndodo. Bamboyo anamulandira bwino, anati nkhope yake aidziwa ngakhale sanamuonepo, chifukwa malemu anamufotokoza kuyambira tsitsi mpaka kuphazi. Koma za chimene ankafuna kumuuza tsiku lija, anapukusa mutu.

"Ifenso tinawanyengerera, mwanangu. Anatiuza kuti tisamale zathu."