Tsamba Lobiriwira Pakolala

"Uzisoka pakolala," anatero achimwene, akukhuthulira timapepala tolimba patebulo lodulirapo nsalu. Kalikonse kanali ndi chithunzi cha tsamba lobiriwira, m'munsi mwake mawu akuti: Chasokedwa kuchokera ku zovala zakale.

Mzime, monga onse ankamuitanira pokhala wotsiriza kubadwa, sanakhudze ngakhale kamodzi. Maso ake anali pa mipukutu ya nayiloni imene achimwene anabweretsa m'mawa, ikadali m'mapulasitiki. Mayi awo anali ataikidwa m'manda sabata yapitayo, ndipo lero m'pamene shopu inatsegulidwanso. Moyo wawo wonse mayiwo ankasonkhanitsa zovala zotha, kuzimasula ulusi, kuzichapa, n'kusoka zatsopano.

"Izi si zakale, achimwene. Nsaluyi ikununkha fakitale."

"Ndani amanunkhiza diresi pogula? Mayi ankatha tsiku lonse akumasula thalauza limodzi. Iwe ungathe wekha? Matelalawa akuyang'ana ife, ali ndi ana. Makampani akuluakulu amangomata tsamba, anthu n'kumaombera m'manja."

Mzime ankadziwa kuti mlongo wake si wakuba. Mantha ndi amene ankalankhula. Chiyambire matenda a mayi, munthuyu anaonda mpaka lamba anamuboola kachikena.

Mzime asanayankhe, analowa mayi wa sitolo ya zovala, amene ankaoda katundu wambiri pashopupo. Anapepesa maliro. Kenako anatola diresi limene achimwene anasoketsa ngati chitsanzo, nalipekesa pakati pa zala.

"Mwana wanga, ili kale linali chiyani?"

Achimwene anakanda m'mutu. Mashini onse anaima.

"Ndikufunsa chifukwa atsikana ogula kwa ine amafunsa zomwezo. Tsamba siliwatenga mtima, analiona kale paliponse. Mayi anu ankandiuza kuti ili linali katani, ili linali malaya a woyendetsa basi, ine n'kukafotokoza. Ndikawanamiza kamodzi, auzana pafoni dzuwa lisanalowe, ine n'kutsala ndi zidole zovekapo zovala. Nayiloni si tchimo, gulitsani. Koma mumutchule kuti nayiloni."

"Katundu wanu abwera, mayi," anatero Mzime mosajejema. "Achedwa, koma akhala weniweni. Nayiloniyu tisoka majekete a mvula, opanda tsamba."

"Ndidikira. Mayi anunso sankathamanga."

Mlendo atatuluka, achimwene anabweza timapepala tija m'jumbo, nkhope ili pansi.

"Walonjeza bwino," anatero. "Nanga zakalezo zili kuti? Matumba onse ali pululu, palibe anapita kukasonkhanitsa chigonekere mayi m'chipatala."

"Tiyambira pa zawo. Azakhali asankha kale zimene akufuna, zotsala zili m'sutikesi kuseriku."

"Ung'ambe zovala za mayi?"

"Mukuganiza akanakonda zidyedwe ndi njenjete? Akanatidzukira."

Telala wamkulu anaseka mpaka kupukuta misozi, enanso n'kutsatira. Kanali koyamba kumva kuseka m'banjamo chichitikire zovuta. Achimwene anakatenga sutikesi okha.

Pamwamba penipeni panali jekete lakuda limene mayi ankavala popita kukakumana ndi anthu olemekezeka. Mzime anatenga lezala, natsegula jeketelo kuti ayambe kumasula nsalu yam'kati. Dzanja linaima m'malere.

"Achimwene, tabwerani."

Nsalu yam'katiyo inali malaya a sukulu, oyera koma ofwifwa. Thumba lake linali pomwepo, chakumanzere, ndi banga la inki limene achimwene anakwapulidwira ali mwana. Mayi sanalidule. Analisoka moti lizigunda pachifuwa pawo.

Achimwene analowetsa zala ziwiri m'kathumbako. Dzanja lonse silikanakwana. Kenako anapinda jeketelo bwinobwino, nalifungatira.

"Ili lokha ayi," anatero motsitsa mawu.

Mzime anagwedeza mutu, natola siketi yotsatira.