Mpweya wa kuseri kwa wodulopu

“Ndani?” anafunsa make mwana, chitseko atangochitsegula pang'ono.

Panja panali mtsikana wovala ovolosi, atanyamula tabuleti, kakompyuta kam'manja. Anati ndi injiniya woyang'anira mdadada wonsewo, ndipo wabwera chifukwa cha kamakina koyeza mpweya kamene anaika pakhoma la chipinda chogona.

Mayiyo kamakinako sankakakonda chiikireni. Kankaphethira ngati diso, ndipo iye ankakhulupirira kuti kamajambula. Mwamuna wake, amene ankatcha mkazi wakeyo “a Mlonda” chifukwa chosuzumira chilichonse, anatulukira akuseka.

“Lowani, achemwali. Abwera kudzakumangani, a Mlonda.”

Kuchipinda, mwana anayambanso kutsokomola, chifuwa chouma chija chimene chinakana mankhwala a kuchipatala kawiri konse. Mayiyo anathamanga kukamunyamula n'kumufunditsa bulangete lachiwiri.

Injiniya anakhala pamphepete pa bedi n'kuwaonetsa tabuleti ija. Munali nyumba yonse ngati yoseweretsa ana, makoma oonekera mkati, mapaipi, masitepe, chipinda chilichonse ndi mtundu wake. Zambiri zinali zobiriwira. Chimodzi chinali chofiira ngati bala.

“Ichi n'chanu. Kamakinaka sikaona munthu, mayi, kamangonunkhiza. Kakuti muno muli chinyezi chambiri, ndipo mpweya ndi womwewomwewo, sukusinthana ndi wapanja.”

“Ndiye mutitulutsa?”

“Ayi ndithu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Koma taonani, chithunzichi chikuti pakhoma ili pali kabowo kotulutsira mpweya. Kali kuti?”

Onse anayang'ana khomalo. Panali wodulopu yaikulu yosungiramo zovala. Mwamunayo anakanda kumutu, nayang'ana mkazi wake.

“Nenani nokha, a Mlonda. Ine ndinangokhala wonyamula katundu.”

“Pankalowa mphepo,” anatero mayiyo chapansipansi. “Mwanayu anabadwa masiku asanakwane. Ndinamata katoni, kenako tinakankhirapo wodulopu.”

Injiniya sanaseke. Anayang'ana zenera lotsekedwa ndi nsanza m'mbali, ndi matewera onyowa amene anali pachingwe chodutsa pamwamba pa bedi la mwana.

“Panja pamatera ntchentche,” mayiyo anafulumira kufotokoza, misozi ili m'maso. “Ndiye ndine ndamudwalitsa?”

“Zimenezo anganene ndi adokotala, ndipo mupitenso naye. Ine ndimadziwa za makoma basi. Bambo, gwirani uko.”

Atasuntha wodulopu, fungo linawamenya. Khoma lonse linali lakuda ndi nkhungu, katoni ija itafewa ngati mkate wonyowa. Mayiyo anatuluka ndi mwana msangamsanga. Mwamuna wake anamatula katoniyo, nakolopa khoma mpaka thukuta kamukamu, uku akudandaula kuti pa ukwati sanalumbirepo za nkhungu.

Asanachoke, injiniya anaika pafoni ya mayiyo kachithunzi ka chipinda chawo chokha.

“Mwalakwitsa,” anatero mwamunayo. “Mlonda mwamupatsa tochi. Sitipumanso muno.”

Ananena zoona. Mayiyo ankayang'ana foni potsuka mbale, poyamwitsa, ngakhale popesa tsitsi. Matewera anasamukira pakhonde, iye ataima pambali ndi kansalu kothamangitsira ntchentche. Adokotala atamva za nkhungu ija anagwedeza mutu n'kusintha mankhwala. Chofiira chija chinasanduka chachikasu, koma chinakakamira pomwepo.

“Latsala zenera,” mwamunayo ankamukumbutsa.

“Ndamva. Musandithamangitse.”

M'mawa wina mwana anagona osatsokomola mpaka dzuwa kukwera. Mayiyo anaika khutu pachifuwa chake, namvetsera nthawi yaitali. Kenako anamuveka chipewa, masokosi ndi juzi, nachotsa nsanza zija imodziimodzi. Atatero, anakankha zenera.

Katani anagwedezeka. Mwana anayetsemula kamodzi, ndipo dzanja la mayiyo linabwerera pa chogwirira.

“A Mlonda,” anatero mwamuna wake ali pakhomo.

Mwana anaseka, akufuna kugwira katani. Mayiyo anachotsa dzanja lija, nalisiya zenera lili chitsegukire.