Mbale ya Zolawa

Ku kantini ya pafakitale ya nsapato aliyense ankamutchula kuti Nasupuni, chifukwa m'thumba la epuloni yake simunkasowa supuni. Anali ataphikira anthu mazana atatu tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo panalibe amene anabwezapo mbale kuti mchere wachepa. Thupi nalo linali la wophika weniweni: akamadutsa pakati pa mbaula ziwiri za m'khitchinimo ankachita kuyenda cham'mbali. Iye zinalibe naye ntchito. Ankati khitchini ukaipatsa munthu woonda, anthu amayamba kukayikira chakudya.

Zinayamba kukhala naye ntchito tsiku limene adokotala anamuimika pasikelo.

Mng'ono wake, mphunzitsi wa ana a sukulu ya mkaka, anali ndi impso zoti zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata ankakagona maola anayi pa makina osefa magazi, n'kubwerako atatheratu, osatha ngakhale kuvula nsapato yekha. Achibale anayezedwa kuti aone amene angapereke impso. Mwamuna wa wodwalayo magazi sanagwirizane, mlongo wawo anapezeka ndi matenda a shuga, ndiye panatsala Nasupuni yekha. Kwa iye zonse zinagwirizana bwinobwino kupatula chimodzi: sikelo inawerenga makilo 97. Adokotala anati sangamuchite opaleshoni asanatsike kufika pa 88, ndipo anamupatsa miyezi isanu. Anawonjeza, motsitsa mawu, kuti mitsempha ya m'mikono ya wodwalayo ikutha ndi masingano a makina aja, moti kudikira kupitirira pamenepo n'kuika moyo pachiswe.

Anamutumiza kwa mlangizi wa kadyedwe, mtsikana wa magalasi wolankhula mosafulumira, amene Nasupuni atangomuona anadziwa kuti sanakolezepo mbaula yaikulu chibadwire. Mtsikanayo anamuletsa kudzikhalitsa ndi njala, anamuletsanso matiyi oonda amene amagulitsa m'misewu. Anati impso yoti ikapulumutse munthu iyenera kuchokera m'thupi lodya bwino. Theka la mbale likhale masamba, mpunga ukhale wochuluka ngati chibakera, nyama kapena nyemba pang'ono, mafuta aziyeza ndi supuni. Kenako anamuikira kapulogalamu m'foni kolembamo chilichonse chimene wadya, kokhakokha n'kumawerengera makalori, muyezo wa mphamvu ya m'chakudya. Pa tsiku asapitirire 1,600. Theka la kilo pa sabata ndi lokwana.

Nasupuni si munthu wochita zinthu mwatheka. Anagula kasikelo ka m'khitchini n'kumayeza mpunga ngati wogulitsa golide. Tiyi wopanda shuga ankamwa atatsinzina, ngati mankhwala. Pochoka kuntchito ankatsika basi patali n'kumaliza ulendo wapansi, mawondo akulira. Mwezi woyamba makilo awiri anachoka, ndipo anaimbira foni mng'ono wake ali chisekereseke.

Kenako sikelo inaima pa 95. Sabata yoyamba anati ndi madzi chabe. Yachiwiri anati sikeloyo ndi yabodza, n'kukakwera ya ku famase kogulitsa mankhwala, koma nayo inanena zomwezo mopanda manyazi. Yachitatu anachepetsa mpunga, yachinayi anasiya buledi. Foni inkamuyamikira tsiku lililonse ndi kachizindikiro kobiriwira kuti sanapitirire malire, pamene thupi linali chikhalire. Masiku pa kalendala ya pakhoma la khitchini ankangotha.

Lachinayi lina masana anapita kukamuona mng'ono wake pa makina paja. Potuluka, mlamu wake anamutsatira m'khonde. Anali munthu waulemu, dalaivala wa galimoto zonyamula mipando, wosadziwa kukweza mawu, ndipo n'chifukwa chake zimene ananena zinapweteka kwambiri.

"Alamu, ndiyankhule pang'ono, musandimvere molakwa. Ngati mtima wanu sukufuna, ingonenani. Palibe angakudeni. Kungoti tisamuyembekezetse chabe mnzathuyu."

Nasupuni anatulutsa foni n'kumuonetsa zonse zimene analemba, tsiku ndi tsiku, mpaka theka la nthochi. Mlamuyo anayang'ana, anagwedeza mutu, anapepesa, koma m'maso mwake munkaoneka kuti foni waikhulupirira, munthu ayi. Ali m'basi Nasupuni anakwiya mpaka makutu kutentha. Atatsika, mkwiyo uja unasanduka manyazi, chifukwa panali chinthu chimene sanauzepo munthu aliyense: m'mawa uliwonse sikelo ikawerenga 95, pansi penipeni pa mtima wake panali kamalo kamene kankapuma. Ankaopa mpeni. Chibadwire anali asanagonepo m'chipatala, ngakhale ana ake awiri anabadwa mosavuta n'kutuluka tsiku lomwelo. Ndiye anayamba kudzifunsa ngati thupi lake linamva za manthawo n'kuganiza zomuthandiza mwa njira yakeyake.

Mawa lake anaifotokoza nkhaniyi kwa mnzake wa m'khitchini, mayi wotsuka mapoto amene onse ankamutchula kuti Wailesi, poti akayamba kulankhula panalibe pozimitsira. Tsiku limenelo Wailesi anadabwitsa anthu: anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa kuti kodi zolawa zija zimalembedwa pati m'fonimo.

Nasupuni anaseka. Kulawa si kudya. Wophika aliyense amadziwa zimenezo. Kudya ndi kukhala pansi ndi mbale. Kulawa ndi ntchito, ngati mmene telala amayesera singano pa kansalu. Ukalemba zolawa ndiye ulembenso nthunzi imene umapuma.

Wailesi sanatsutse. Anatenga mbale yaikulu yachitsulo, ija yosakanizira kabichi, n'kuiika pambali pa mbaula. Anati tsiku limenelo Nasupuni aphike monga mwa masiku onse, koma nthawi iliyonse imene supuni ipite kukamwa, iye Wailesi azithira muyezo womwewo m'mbalemo. Nasupuni anati chitani, mwina mwasowa mapoto otsuka.

Anayamba ndi msuzi wa nyama: kulawa asanathire mchere, kulawa atathira, kulawanso utawira, ndipo mapoto a msuzi anali atatu. Mpunga anaulawa kuti aone ngati wapsa pamwamba, pakati ndi pansi. Nyemba chimodzimodzi. Kanyama kena kananyenyeka, koti sungapatse munthu pambale, n'kulowa m'kamwa dzanja lisanafunse mutu. Soseji ina inaphulika m'mafuta, nayo inatsata njira yomweyo. Mbatata zokazinga zimene zinapserera m'mbali sakanazitaya, kutaya chakudya ndi tchimo. Pomaliza kugawa, pansi pa poto panatsala mafuta okoma aja a tomato ndi anyezi, ndipo chala chinadutsamo chokha. Wailesi ankangotsatira pambuyo ndi supuni yake, ali chete ngati mlembi wa khoti.

Pofika 2 koloko mbale ija inali itadzaza mpaka kupanga kaphiri, mafuta ali nyezinyezi m'mbali. Anthu awiri anjala akanakhuta nayo.

"Pang'onopang'ono ndi mtolo, amayi," anatero Wailesi. "Mtolo wanu ndi umenewu."

Nasupuni anakhala pa thumba la mpunga n'kuyang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anaiika pa kasikelo kake, anawerengera mwachisawawa m'foni, ndipo nambala imene inatuluka inali pafupifupi chakudya chake cha tsiku lonse. Nthawi yonseyi anali akudya kawiri: kamodzi atakhala pansi akuvutika, kenanso ataimirira osadziwa n'komwe. Anafuna kuseka, anafuna kulira, koma chimene chinabwera ndi masamu. Kunatsala milungu khumi ndi iwiri ndi makilo asanu ndi awiri.

Lolemba anasiyiratu kulawa, ntchitoyo n'kuipereka kwa Wailesi. Apa ndiye anaputa zina. Lilime la Wailesi linali lokonda mchere ngati la mbuzi, ndipo pofika Lachitatu anthu a ku makina osokera ankabweza mbale akufunsa ngati khitchini yagulitsidwa. Kapitawo anabwera yekha kudzaima pakhomo n'kufunsa ngati mayi akudwala. Nasupuni anayesa kulawa n'kulavulira m'sinki, koma atachita kawiri anadziona ngati munthu wotukwana chakudya, ndipo anasiya. Pomaliza anachotsa supuni yaikulu ija m'thumba la epuloni n'kuikamo kasupuni ka tiyi. Poto aliyense kulawa kamodzi, kumapeto, nsonga ya kasupuni basi, kenako kulemba m'foni pomwepo manja asanaume. Zonyenyeka ndi zopserera zinkapita m'kabakuli kamene Wailesi ankatengera agalu ake, ndipo agaluwo ndi amene anayamba kunenepa.

Sikelo inadzuka. Inawerenga 94, kenako 93 ndi theka, n'kuimanso masiku khumi mpaka Nasupuni kusowa mtendere, kenako n'kutsika kilo yathunthu nthawi imodzi. Epuloni inayamba kuzungulira kawiri m'chiuno. Koma mng'ono wake naye ankatsika, mwa njira yoipa. Nkhope inayamba kutuwa, mkono wamanzere unatupa, ndipo anamwino anayamba kufunafuna mtsempha kwina. Akamuona, Nasupuni ankalakalaka atangodula mnofu wake ndi mpeni wa nyama n'kuusiya pa tebulo la adokotala.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, sikelo inali pa 88.9. Wailesi anabwera ndi kapaketi ka tiyi wotsegula m'mimba, akuti msuweni wake anataya makilo atatu pa masiku awiri. Nasupuni anakasunga m'thumba tsiku lonse, akukagwiragwira. Madzulo ali pa siteji ya basi anaimbira mlangizi uja n'kumuuza zoona. Mtsikanayo sanakalipe. Anangoti tiyi ameneyo amachotsa madzi, ndipo chiwalo choyamba kuvutika madzi akachepa m'thupi ndi chomwecho chimene akufuna kupereka. Kapaketi kaja kanathera m'bini la pasiteji pomwepo, ndipo Nasupuni anakafika kunyumba n'kudya masamba ake, nyemba zake ndi chibakera chake cha mpunga.

Tsiku loyezedwa anafika kuchipatala m'mawa zitseko zisanatsegulidwe. Namwino atamuitana, anavula nsapato, juzi, ndolo, mpaka kansalu ka kumutu. Anakwera pasikelo atayang'ana kudenga.

"87.8," anatero namwino, n'kulemba ngati palibe chachitika.

Adokotala anaona mapepala a magazi, anati zonse zili bwino, anamugwira chanza, kenako anatsegula buku lawo n'kutchula tsiku la opaleshoni: Lachiwiri la sabata ya mawa yomweyi, afike Lolemba atanyamula zovala zogonera. Nasupuni anathokoza mwaulemu n'kutuluka. Atafika m'khonde anaima. Miyezi isanu yonse ankaopa kuti sikelo imukana, ndipo mantha amenewo anali ataphimba enawo. Tsopano panalibenso nambala yoima pakati pa iye ndi mpeni. Anagwira khoma, thukuta lili kamukamu, mpaka mayi wina wokolopa anamufunsa ngati akufuna madzi.

Mng'ono wake anali pa makina m'chipinda cha kumapeto, mapaipi ofiira akuchoka pakhosi. Mwamuna wake anali pambali, ndipo atamva nambalayo anaimirira n'kuvula chipewa. Anatuluka panja kuti asaonedwe nkhope. Wodwalayo sanasangalale msanga monga Nasupuni ankayembekezera. Anamuyang'anitsitsa mkulu wakeyo, poti munthu amene munagona naye bedi limodzi muli ana sungamubisire kanthu.

"Achemwali, mwatuwa. Mukuopa."

"Ndikuopa," anavomera Nasupuni. Aka kanali koyamba kunena mawuwo mokweza.

"Mukhozabe kukana. Ndikunena zoona, sindidzakusungirani chakukhosi."

Nasupuni anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, ku mbali yopanda mapaipi.

"Miyezi isanu ndikumwa tiyi wowawa kuti udzandiuze zimenezo? Khala chete, iwe. Ndigwire dzanja, ukuona mmene likunjenjemerera."

Mng'ono wakeyo analigwira ndi zala zake zozizira, zopanda mphamvu, ndipo silinasiye kunjenjemera. Analigwirabe choncho mpaka makina atamaliza maola ake.