Mapilisi Khumi a Bambo Zikhale

Nasoni, mlongo wanga wamng'ono, anaimitsa lole ya boma pakhomo pathu ku Area 18, n'kutsika maso ali psuu. Chinali chaka cha 1975, ndipo iye ankatuta mafaelo ndi mipando kuchokera ku Zomba kubwera nazo ku likulu latsopano, osapuma.

"Achemwali, pang'onong'ono n'kadagwera m'ngalande pa Dedza. Tulo! Ndigawireniko tija ta alamu."

"Si maswiti amenewo, Nasoni."

"Aa! Mchere mumapatsa Naphiri wa kuseriyu, koma mlongo wanu mum'mana mankhwala? Mukufuna mudzandilire?"

Ankanena mapilisi a amuna anga, a Zikhale, kalaliki wa mafaelo ku Capital Hill. Iwo anali ndi matenda ogona mwadzidzidzi. Ali pakati polankhula, mutu uja zyoli, basi agona. Dokotala anawalembera mapilisi ochotsa tulo, limodzi m'mawa uliwonse, okwana mwezi umodzi. Ananenetsa kuti asapatse munthu wina. Ndinkasunga ndine, m'kachitini ka tiyi.

Kwathu mankhwala timagawana. Womana m'bale piritsi, mbiri yake imafika kumudzi iye asanafike. Ndinam'thira khumi m'dzanja, a Zikhale osawauza. Ndinkati ndikapempha ena.

Kuchipatala anayang'ana khadi n'kundibwezera. "Amayi, awa sitiperekera pawindo. Tsiku lawo ndi pa 28, akaonane ndi dokotala."

Kachitini kanauma pa 18. Ndipamene ndinaulula. A Zikhale sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Chabwino, mayi a Efelo. Ndizigwira ntchito choimirira."

Anayesetsa bambo aja. Anasiya basi ya antchito, n'kumayenda wapansi kuti mphepo iziwawomba. Anaika kamwala mu nsapato kuti kaziwabaya. Ndinawauza kuti akafotokoze kwa abwana awo, anakana. Kuofesi sankadziwa za matendawo, ankachita nawo manyazi.

Masiku asanu ndi atatu anapirira. Lotsatira lake akuluakulu anabwera kudzayendera maofesi atsopano, n'kuwapeza atatsamira shelefu, faelo ili pansi, akuliza mkonono. Analemba kuti kuledzera pa ntchito. Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire! Kalata ya dokotala inafika ntchito itatha kale. Nyumba inali ya boma, ndiye tinatuluka. Tinakapeza chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ku Area 1, ine n'kuyamba kukazinga mandasi.

Nasoni anabwera kudzatinyamulira katundu. Ndinam'funsa ngati mapilisi aja anam'thandiza n'komwe.

"Ndinamwa atatu nthawi imodzi, achemwali. Mtima unkagunda ngati chigayo, manja akunjenjemera pa chiwongolero, masiku awiri osagona. Otsalawo ndinataya mu Linthipe. Ndi oipa amene aja."

Asanu ndi awiri, m'madzi. A Zikhale anamva, anangonyamula mpando n'kukakweza mu lole. Mpaka imfa yawo sananditchulirepo nkhaniyi.

Ndakuuza izi, iwe Tabitha mdzukulu wanga, chifukwa adokotala alembera mwana wako Paxton mapilisi a mtundu womwewo kuti azitha kumvetsera m'kalasi, ndipo ndamva kuti msuweni wako akufunako ena oti awerengere mayeso. Usandiyankhe zambiri. Uwakhomere m'kabati, um'patse mwanayo monga alembera, aphunzitsi ake adziwe, ndipo wopempha aliyense umuuze kuti ayi. Akunene kuti ndiwe womana. Chonde, uchite bwino kuposa ine.