Chifuwa cha a Sanafe

"Odi! Kodi pano ndi pa a Sanafe?"

Nesi anali atawerama pa katoni, mabuku a malemu bambo ake ali m'manja. Ataweramuka anaona bambo wina pakhomo, dazi lili nye-nye-nye ngati alipukuta ndi mafuta, kaphukusi atakakumbatira pamtima ngati khanda.

"Mwasokera," anayankha achimwene ake a Nesi, a Mlaliki. Dzinalo anawapatsa ndi a kumpingo, ndipo chiyambireni sanatsikepo paguwa, ngakhale popempha mchere. "Muno tili pa chisoni. Bambo athu tangowaika kumene."

"Ndi omwewo," anatero mlendoyo, manyazi atamugwira. "Pepani, pakamwa panazolowera. Ife kugulu kwathu tinkawaitana choncho."

Mayi anali pawindo, kuseri kwa makina awo osokera. Chichitikire malirowo makinawo anali chivundikirire ndi nsalu, eni ake atangokhala pamenepo manja ali pamwendo. Koma atamva dzina lija mapewa awo anagwedezeka, kenaka kuseka kunatuluka kokha, kokhala ngati chitseko chosatsegulidwa kalekale.

"Lowani, bambo," anatero. "Eni dzinalo mwawaphonya pang'ono."

Mlendoyo anali wometa anthu, ngakhale tsitsi lake linamuthawa osatsanzika. Anakhala pampando, napepesa maliro bwinobwino, kenaka anamasula kaphukusi kaja. Munali buku lonenepa, latsopano, lonunkha inki.

"Lomaliza lija latuluka," anatero. "Tinapangana kale kuti woyamba kulitsegula akhale iwowo. Palibe walisuzumira, ndikulumbira. Chabwino, mnzathu wokonza mafoni analinunkhiza, koma tinamulanda."

A Mlaliki anapumira m'mwamba. Katoni ija anabwera nayo ndi iwo, kuti mabuku a milungu yabodza achoke m'nyumba mayi asanasamukire kunyumba kwa a Mlalikiwo. Ndiye taonani, iwo akukolopa, wina akulowa ndi matope.

Nkhani ya mabukuwa inayamba chonchi. Malemu anali dalaivala wa basi. Tsiku lina munthu anaiwala buku pampando, iwo n'kulitola kuti amusungire. Mwini wake sanabwere, ndipo bukulo linawameza. Linali la chizungu, la mafumu ndi malupanga ndi akavalo olankhula, ndipo linali ndi ang'ono ake ambiri, aliyense wonenepa kuposa mkulu wake. Akaweruka ankakhala pa kampando kachitsulo pafupi ndi makina, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno, chala chikukwawa pansi pa mzere. Akawerenga pang'ono ankatembenuzira mkazi wawo m'chinenero cha pakhomo.

"Zachibwana," ankatero mayi. "Munthu wamkulu ndi ndevu zake."

Koma nkhani ikafika pokoma, phazi lawo linkafooka pa chopondera, makina n'kumayenda monyang'wa ngati mkwatibwi. Ukawafunsa ankati ulusi wakola.

M'mabukumo munali mulungu wina wonyamula nyali, amene ankayenda patsogolo pa anthu ake kuti mdima usawadye. M'buku lachitatu mfumukazi ina inamubaya ndi mkondo pa mlatho wachitsulo. Basi, pamenepo ndi pamene owerenga anasiyana maganizo, ndipo mpaka lero sanagwirizane.

"Mayi, mukanationa Loweruka kometera kuja," anatero wometa uja, tiyi atamumasula lilime. "Munthu amatuluka wometedwa mbali imodzi chifukwa cha mkangano. Ena amati anamupereka ndi mng'ono wake. Wokonza mafoni amati mzimu wake unalowa mwa kavalo wakhungu uja, n'chifukwa chake kavaloyo sapunthwa. Aphunzitsi ena amati anadzipereka dala kuti anthu aphunzire kuyenda okha. Ine ndimati wolembayo anangotopa naye. Koma amuna anuwa, ayi. Akaimirira, chipewa m'manja: 'Sanafe! Mkazi wanga akuti sanafe!'"

"Ankanditchula?" anafunsa mayi.

"Sabata iliyonse. Ngakhale pa foni, kwa anthu a mayiko akutali amene sitinawaonepo. Maganizo anu ali ndi otsatira, mayi. Kuli mtsikana wina kutsidya kwa nyanja anajambula mpaka chithunzi."

Mayi anakonza mpango wawo ngati chithunzicho akuwajambula ndi iwo.

"Nanga n'zovuta?" anatero. "Buku linati anawasiya. Silinati anafa. Ndipo nyali yake sanaipeze pamlathopo. Wakufa satenga nyali, bambo. Wotenga nyali ndi wapaulendo."

"Ameni," anatero wometa. A Mlaliki anamuyang'ana ngati wawabera mawu m'thumba.

Nesi anadzuka. Anatola makapu n'kupita nawo kukhitchini, chifukwa nkhope yake sidziwa kusunga chinsinsi.

Iye buku lachitatulo analiwerenga yekha ali kusekondale, mobisa, bambo ali kuntchito. Tsamba la pamlatho lija ankalikumbukira ngati chipsera cha pa bondo. Chizungu chake chinali chosazungulira: mtima wa mulunguyo unaima, anafa, thupi lake analitentha anthu akuona. Za nyali wolembayo sananenepo kanthu, mwina anangoiwala, monga amuna aiwalira ambulera.

Ankakumbukiranso nyengo imene bambo anafika pa tsambalo. Chinali chaka chimene mzime wa m'nyumbamo, kamlongo kake ka Nesi, kanadwala malungo n'kupita kasanayambe n'sukulu yomwe. Makina anavundikiridwa ndi nsalu yomwe ija. Mayi sankadya, sankalankhula. Bambo ankangobwera, kukhala pa kampando kawo, n'kumawerengera msana wa mkazi wawo. Tsiku limenelo chala chawo chinaima pakati pa tsamba. Kenaka anatsokomola, chifuwa chouma cha munthu wosadwala.

"Ndiye mulungu uja," anatero, "anawasiya."

Mayi anatembenuka koyamba. "Anawasiya kupita kuti?"

"Buku silinanene."

"Nanga nyali yake?"

Bambo anafufuza tsamba lonse ndi chala. "Sanaipeze."

"Ndiye abwera," anatero mayi. M'mawa mwake anavundukula makina.

Nesi akutsuka makapu, achimwene ake anamulondola kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Iwe unawerenga zimenezi," ananong'ona, ngakhale kunong'ona kwa a Mlaliki kumamveka kwa aneba. "Chimulungu chawocho chinafa kapena sichinafe?"

"Chinafa."

"Ndiye uwauze. Mayi akufunika kuvomereza zinthu, osati kudikira anthu a nyali. Iwe ndiwe nesi, anthu umawauza zoona tsiku ndi tsiku."

"Achimwene, pamene ndinkakuimbirani foni kuchipatala kuja, ndinati chiyani?"

A Mlaliki anakanda kumutu. "Unati bambo atisiya."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati... ndinati apita kuti." Anayang'ana pansi. "Zimenezo n'zina. Ndinali nditangodzuka."

Wometa atatsanzika, Nesi anamuperekeza mpaka pageti. Kumeneko bamboyo anatsitsa mawu.

"Achemwali, inu mwaphunzira, ndisakunamizeni. Tsamba lija tinawaonetsa kambirimbiri. Aphunzitsi anabwera ndi dikishonale, anawerenga mokweza, anamenya tebulo. Bambo anu chizungu ankachimva bwino kuposa tonsefe."

"Ndiye ankati chiyani?"

"Ankati, 'Buku lili ndi mawu ake, mkazi wanga ali ndi mawu ake. Nanga ine ndimagona kwa buku?'" Wometayo anaseka, kenaka kusekako kunamuthera pakhosi. Anapukuta dazi ndi kansalu, ngakhale chonyowa sichinali dazi. "Mpando wawo uja kometera sitinakhazikepo munthu. Mukamaliza mutiuze. Koma musathamange."

Nesi atabwerera anapeza mayi atalisanjika bukulo pamwendo, akulisisita chikuto ngati mutu wa mdzukulu. Zilembo za chizungu kwa iwo zinali nyerere zoyenda pamzere, koma kulemera kwa buku ankakudziwa.

"Lachepa poyerekeza ndi lapitalo," anatero. "Kaya akwanitsa kubweramo m'menemu." Analitambasulira kwa mwana wawo. "Ubwerera liti kuntchito?"

"Lolemba, amayi."

"Ndiye tiyambepo. Kotsalako uzidzandiwerengera pa foni, kaya kwa achimwene akowa, kaya kuti. Koma osasuzumira kumapeto. Bambo ako sankatero. Ankati wosuzumira kumapeto kwa buku ndi yemwe amavundukula mphika wa eni."

"Amayi," anayamba a Mlaliki, katoni ili m'manja, "Malemba amati..."

"Malemba ndimawadziwa, mwanawe, ndinakuphunzitsa ndine. Mulungu wanga ndi mmodzi ndipo ali bwinobwino. Uyu ndi wa bambo ako. Tsitsa katoniyo, ukuoneka ngati wakuba."

Kampando kachitsulo kanali pamalo pake. Nesi anali asanakhalepo chibadwire, chifukwa ngakhale mphaka wa m'nyumbamo ankadziwa mwini wake. Anakhala. Kanali kozizira, ndipo mwendo umodzi unali waufupi, moti munthu umapendekera kwa wosoka usanafune. Kodi n'chifukwa chake bambo sankalola kuti akakonze?

Anatsegula bukulo. Msana wake unalira pang'ono. Anadutsa mapu, anadutsa tsamba la mayina, nafika pa mutu woyamba. Maso ake anathamanga pa mzere woyamba.

Wolembayo analibe chisoni ngakhale pang'ono. Mawu oyambirira enieni ankanena za zaka zimene zinapita chifere mulungu wa nyali. Liwu lija linali pomwepo, lakuda bii, lopanda pozembera. Nesi anayesa kuyang'ana mzere wachiwiri kuti mwina alumphe, koma wachiwiriwo unkanena za phulusa lake.

Iye amene anauzapo anthu ambirimbiri za imfa m'makhonde a chipatala, mawu ali phee, manja ali m'matumba a yunifolomu, lero lilime linakana. Akanena zimene zalembedwa, ndiye kuti walanda mayi ake chinthu chimene bambo anachitchinjiriza mpaka kumeta kwawo komaliza. Akanena zina, ndiye kuti wayamba bodza la buku lathunthu, ndipo iye sanabadwe ndi chifuwa cha bambo ake.

Mayi sanamuyang'ane. Anagwira nsalu yovundikira makina ija, naichotsa pang'onopang'ono, naipinda kanayi. Anapemerera fumbi. Pansi pa singano panali malaya a munthu wina, mkono umodzi wosatha, ali pomwe anawasiya tsiku lothamangira kuchipatala. Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, natsinzina diso limodzi, naulowetsa kamodzi kokha.

Makina anayamba kulira, kete-kete-kete.

"Wakakamira?" anafunsa, maso ali pa msoko.

"Ayi, amayi. Ndikungofuna... chizungu chake n'chovuta."

"Ee, n'chovutadi." Anatembenuza mkono wa malaya uja. "Bambo ako akafika pa liwu limenelo ankayamba atsokomola."

Nesi anakweza mutu. Mayi ake anali kalikiliki ndi msoko, nkhope ili bata ngati ya munthu amene wangonena kuti kunja kuli mitambo.

"Nthawi zonse?"

"Mabuku onse otsatirawo. Munthu wosasuta, wosadwala, koma mulungu wa nyali akangotchulidwa, khoo! Ndinkachita kuwaikira madzi pafupi." Anadula ulusi ndi mano. "Ndiye ndikanatani? Munthu wavutikira kukusokera chovala, iwe n'kumuonetsa pamene msoko wakhota?"

A Mlaliki anaika katoni pansi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando, ndipo atausowa anakhala pa katoni pomwepo, pamwamba pa milungu yonse yabodza ija. Kenaka anadzukanso, napita kukhitchini, nabwera ndi kapu ya madzi. Anaiika pansi pafupi ndi mwendo waufupi wa kampando.

Nesi anaika chala pansi pa mzere woyamba. Anakoka mpweya. Anatsokomola, chifuwa chouma, chosaphunzira bwino.

"Patapita zaka zambiri," anatero, "mulungu wa nyali uja atawasiya..."

Pansi pa tebulo, phazi la mayi linayamba kufooka pa chopondera.